Chilonda cha Pamwendo Chosapola: Kodi Opaleshoni Ingapulumutse Mwendo Wanu?

Kodi muli ndi chilonda pamwamba pa kakolo chimene chatha milungu kapena miyezi osapola? Kodi mwendo wanu umatupa madzulo moti jombo imakana kuvuka? Ngati ndi choncho, phunziro ili ndi lanu. Talembera inu amene mukugwira ntchito m'migodi kapena munagwirako kale, kaya ku Shamva, ku Trojan ku Bindura, ku Arcturus, ku Hwange kapena kwina kulikonse, ndipo kwanu tsopano ndi ku Unit G kapena madera ena a Seke ku Chitungwiza. Muwerenge pamodzi ndi akunyumba kwanu, chifukwa ndiwo adzakusamaleni mukadzatuluka m'chipatala.

Abambo ambiri amabisa chilonda chotere m'jombo kwa zaka. Ena amaopa kuchotsedwa ntchito. Ena amati: "Ndikapita kuchipatala akandidula mwendo." Dziwani kuti chilonda chobwera chifukwa cha mitsempha yobweza magazi, pachokha, si kawirikawiri kudulitsa mwendo. Chimene chimadulitsa mwendo ndi kuchedwa, mpaka matenda atalowa m'fupa kapena chilonda chitasanduka khansa.

Kodi chilondachi chimayamba bwanji?

Inu mumadziwa chimene chimachitika pansi pa mgodi pampu ikafa. Madzi amadzaza, ndipo amayambira kunsi kwenikweni. M'mwendo mwanu zimachitikanso chimodzimodzi.

Mtima umakankhira magazi kumapazi kudzera m'mitsempha ina. Magaziwo ayenera kubwereranso kumtima kudzera m'mitsempha inanso, ndipo ulendo wobwererawu ndi wokwera chitunda. Pampu yake ndi akatumba. Mukamayenda, akatumba amafinya mitsempha n'kukankhira magazi m'mwamba. M'kati mwa mitsemphayo muli timavavu, tokhala ngati tizitseko totsegukira mbali imodzi yokha, toletsa magazi kubwerera pansi. Timavavu timeneti tikawonongeka, magazi amatsika n'kudzazana m'munsi mwa mwendo. Khungu la pamenepo limakhala likupanikizidwa kuchokera m'kati tsiku ndi tsiku, mpaka limafooka. Kenako kamwala kakang'ono kakakugundani, kapena jombo ikakukhulani, pamabuka chilonda chimene sichitseka.

Ntchito ya mumgodi ili ndi zambiri zimene zimathandizira vutoli. Munthu wogwira jekihama, woyang'anira lamba wonyamula miyala, kapena mlonda wa pageti amaima malo amodzi kwa maola ambiri, ndipo pampu ya akatumba siigwira ntchito munthu akangoima. Amene anathyokapo mwendo n'kukhala m'chikhakha kwa milungu ingapo, nthawi zina magazi amaundana mumtsempha wa m'kati osadziwa, ndipo chotupa cha magazicho chimawononga timavavu. Chilonda chimadzaoneka patapita zaka zambiri ngoziyo itaiwalika. Kukhala mopanikizana m'basi usiku wonse, monga pochokera ku Johannesburg kudzera pa Beitbridge, nakonso kungaundanitse magazi. Kukula, kunenepa kwambiri ndiponso chibadwa cha kumtundu zimaonjezera. Amayi amene anabereka kangapo amadwalanso nthendayi, choncho musaganize kuti ndi ya abambo okha.

Alipo amene angakuuzeni kuti munaponda mankhwala amene wina anakutcherani kukomboni, zimene anzathu Achishona amati chitsinga. Sititsutsana nanu pa zimene mumakhulupirira. Tikungokupemphani kuti musalole kutemera mphini pakhungu lotupa kale, chifukwa mphini iliyonse ikhoza kukhala chilonda china.

Zizindikiro zake

Chilonda cha mitsempha yobweza magazi chimakonda malo amodzi: pakati pa kakolo ndi katumba, makamaka mbali ya m'kati. Sichizama kwambiri koma chimatambalala, ndipo chimatuluka madzi ambiri onyowetsa sokosi. Khungu lozungulira limada kuposa lina lonse, limauma, limayabwa, ndipo pakapita nthawi limalimba ngati chikopa. Kawirikawiri mitsempha imaoneka yotupa ndi yokhotakhota. Mwendo umalemera madzulo koma umapepuka m'mawa, ndipo ululu umachepa mukaukweza m'mwamba.

Si zilonda zonse za pamwendo zimene zili za mtundu umenewu, ndipo kusiyanitsa kwake n'kofunika kwambiri. Chilonda cha matenda a shuga chimakonda kupansi kwa phazi kapena kuzala, ndipo nthawi zambiri sichipweteka. Chilonda cha mitsempha yobweretsa magazi, chimene chimagwira kwambiri osuta fodya, chimazama, phazi limazizira, ndipo chimapweteka zedi usiku mukagona mpaka mumachita kulendewetsa mwendo pansi kuti mupezeko bwino. Palinso zilonda zobwera ndi khansa ya pakhungu ya Kaposi kwa amene ali ndi kachilombo ka HIV. N'chifukwa chake a zaumoyo adzakupemphani kuyezetsa shuga, kuchuluka kwa magazi ndi HIV. Musakane. Zonsezi zimakhudza kapoledwe ka chilonda.

Chilonda cha pansi pa bondo chikatha milungu 2 osaonetsa kupola, pitani kuchipatala.

Chithandizo choyamba si mpeni

Anthu ambiri amadabwa kumva kuti mankhwala enieni a chilondachi ndi bandeji. Sitikunena bandeji yongophimba ayi, koma yothina, yomangidwa kuyambira kuzala mpaka m'munsi mwa bondo, yothina kwambiri pa kakolo n'kumapepukirako pokwera. Bandeji yotere imagwira ntchito ya timavavu takufa tija: imaletsa magazi kudzazana pansi. Zilonda zambiri zimapola ndi njira imeneyi yokha pa miyezi ingapo, ngati wodwala sakuivula.

Koma chenjerani. Musamange nokha bandeji yothina musanayezedwe. Ngati mitsempha yobweretsa magazi ili yotsekeka, kuthina kungaphe phazi. Adokotala kapena anamwino amayamba agwira kugunda kwa magazi paphazi, ndipo kumene kuli kachipangizo kotchedwa Doppler amayerekeza kuthamanga kwa magazi pa kakolo ndi kwa pamkono. Nambala yake ikatsika kupitirira 0.8, samanga bandeji yothina kwambiri. Mukamangidwa, ndiye zala n'kuyamba kuzizira, kuchita dzanzi, kusintha mtundu kapena kupweteka kwambiri, masulani bandejiyo nthawi yomweyo ndipo bwererani kuchipatala.

Za kutsuka: tonse tikudziwa mmene madzi a m'mipopi amavutira ku Chitungwiza. Madzi a pachitsime kapena pamjigo muziwawiritsa kaye. Mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi ozizira thirani masupuni aang'ono 2 a mchere, osasefukira, ndipo tsukirani amenewo. Musathire mafuta a mabuleki, madzi a batire, fodya, phulusa kapena ufa wa m'makapisozi. Zimenezi zimapha mnofu watsopano umene ukufuna kumera. Mankhwala akumwa opha tizilombo amafunika pokhapokha chilonda chikalowa matenda, osati nthawi zonse. Funsaninso za jakisoni woteteza kafumbata.

Kodi opaleshoni imafunika liti?

Adokotala amayamba kuganiza za opaleshoni chilonda chikakhala chachikulu kwambiri, chikakhala kuti chatha nthawi yaitali, kapena bandeji ikamangidwa bwino kwa miyezi ingapo koma chilonda osachepa. Maopaleshoni ake alipo a mitundu iwiri, ndipo ntchito zake n'zosiyana. Ena ndi otseka chilonda. Ena ndi okonza gwero la vuto, lomwe ndi mitsempha.

Asanatseke, amayamba ayeretsa. Amachotsa mnofu wonse wakufa ndi khungu lolimba la m'mbali mpaka pataoneka mnofu wofiira wotuluka magazi. Mukadzadzuka mudzaona ngati chilonda chakula. Musadandaule, ndi mmene ziyenera kukhalira. Ngati chilonda chatha zaka zambiri, kapena m'mbali mwake mwatukuka n'kupindikira kunja, kapena chikutuluka magazi chikangokhudzidwa, amadulako kachidutswa n'kukapima ngati muli khansa. Chilonda chakale chimatha kusanduka khansa, ndipo ikapezeka msanga imachotsedwa mwendo n'kutsala. Akakayikira kuti matenda afika pafupa amajambula ekisire.

Chigamba cha khungu

Iyi ndiyo opaleshoni imene ambiri a inu mungakumane nayo. Adokotala amasenda khungu lopyapyala kwambiri, nthawi zambiri pantchafu yanu, n'kuliyala pachilonda ngati chigamba. Amasenda pamwamba pokha, choncho pantchafupo pamamera khungu lina pa milungu 2 kapena 3. Ambiri amati pantchafu ndi pamene pamawawa kwambiri masiku oyamba kuposa pachilonda penipeni, ngati munthu wasupuka pa phula. Kawirikawiri chigambacho amachiboola timabowo kuti chitambasuke ngati ukonde. Akatero chimakwanira malo aakulu, ndipo madzi a m'chilonda amatulukira m'mabowomo m'malo mochitukula.

Khungu liyenera kukhala lanu lomwe. La mbale wanu thupi limalikana pakapita masiku ochepa. Njirayi si yachilendo: dokotala wina dzina lake Jacques-Louis Reverdin anaionetsa ku Paris mu 1869, pogwiritsa ntchito tizidutswa ting'onoting'ono ta khungu, ndipo mpaka lero madokotala ena amabzala tizidutswa totere pa zilonda zazing'ono atangobaya jakisoni wa dzanzi pamalopo. Pa chigamba chachikulu amakubayani jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, kapena amakugonetsani.

Chigamba chilibe mitsempha yakeyake pamene chikuikidwa. Masiku awiri oyamba chimangoyamwa chakudya kuchokera ku mnofu wa pansi pake. Kenako timitsempha tatsopano timayamba kulowamo, ndipo pofika tsiku lachisanu chimakhala chitayamba kugwira. N'chifukwa chake bandeji yoyamba saimasula msanga, ndipo amakuuzani kuti mugone mwendo uli m'mwamba, nthawi zina atauika m'chikhakha kuti kakolo asagwedezeke. Apa ndi pamene abambo ambiri amalakwitsa. Munthu wozolowera kunyamula miyala amachita manyazi kupempha chokodzeramo pabedi, ndiye amadzuka usiku n'kupita yekha kuchimbudzi. Ulendo umodzi wokhawo ungasunthe chigamba n'kudula timitsempha tija. Pemphani chithandizo. Si ulesi.

Zina zimene zimalepheretsa chigamba kugwira ndi mafinya, magazi oundana pansi pake, kutupa kwa mwendo, kuchepa kwa magazi m'thupi, shuga wokwera ndi fodya. Fodya amafinya timitsempha ting'onoting'ono timene chigamba chikudalira, choncho lekani kusuta milungu 4 kapena kuposerapo opaleshoni isanachitike. Ngati mumamwa ma ARV kapena mankhwala a shuga, musadumphitse. Idyani zomanga thupi: nyemba, mtedza, mazira, matemba, soya. Adokotala akasintha tsiku la opaleshoni ponena kuti magazi ndi ochepa kapena chilonda sichinayere, sikuti akukuzembani. Akupewa kuti ntchafu yanu isasendedwe pachabe.

Nthawi zina mbali ina ya chigamba imagwira, ina n'kufa. Zikatero chilonda chimakhala chachepa, ndipo chotsalacho chimatha kupola ndi bandeji kapena kuikidwa chigamba china.

Pamene fupa lili poyera

Chigamba chopyapyala sichigwira pa fupa kapena pa mtsempha woyera wa kuseri kwa chidendene zikakhala pamtunda. Pamenepa madokotala okonza ziwalo amasuntha mnofu wochindikala pamodzi ndi mitsempha yake ya magazi. Amatha kuutenga pafupi, monga kuseri kwa katumba, n'kuutembenuzira pachilonda usanadulidwe kotheratu. Kapena amautenga kutali, monga pantchafu kapena kumsana, n'kulumikiza mitsempha yake ndi ya m'mwendo akuyang'anira pa makina okuza zinthu. Yachiwiriyi imatenga maola ambiri, imafuna akatswiri ndi zipangizo zapadera, ndipo ndi ya odwala ochepa okha amene njira zina zonse zakanika.

Kukonza mitsempha

Kumbukirani za mgodi uja. Mukhoza kukonza njanji ndi mizati ya pansi, koma ngati madzi akulowabe zidzawonongekanso. Chigamba chimatseka chilonda koma sichikonza timavavu.

M'mwendo muli mitsempha yobweza magazi ya m'kati ndi ya pamwamba, pafupi ndi khungu. Adokotala amaiunika ndi sikani. Ngati wowonongeka ndi wa pamwamba, monga mtsempha wautali umene umachokera pa kakolo kukafika m'mphechepeche, amautseka kapena kuuchotsa, ndipo magazi amadzera m'mitsempha ya m'kati. Njira yakale ndi kuumanga m'mphechepeche n'kuusolola. Njira zatsopano ndi kuuwotcha m'kati ndi kawaya kotentha kapena kubayamo mankhwala a thovu ouumitsa. Zatsopanozi sizipezeka m'chipatala chilichonse, koma yakaleyo ikugwirabe ntchito.

Phindu lake linayezedwa. Pa kafukufuku wa ESCHAR ku England, amene anatsatira odwala 500 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2004 ndi 2007, chilonda chinabwereranso pa zaka 4 kwa anthu 56 mwa 100 alionse amene anangomangidwa bandeji, koma kwa anthu 31 okha mwa 100 amene anachitidwanso opaleshoni ya mitsempha. Kafukufuku wina wa EVRA, wa odwala 450 m'zipatala 20 za ku United Kingdom, anasonyeza mu 2018 kuti kutseka mtsempha msanga kumafulumizitsanso kupola: theka la otsekedwa msanga anali atapola pofika masiku 56, pamene kwa amene anadikira zinatenga masiku 82. Onani kuti ngakhale pakati pa ochitidwa opaleshoni, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu chilonda chinamubwerera. Ngati yowonongeka ndi mitsempha ya m'kati, opaleshoniyi imathandiza pang'ono, ndipo chodalira chanu ndi bandeji ndi masokosi.

Choncho adokotala akakuuzani za chigamba, afunseni kuti: "Kodi mitsempha yanga mwaiunika? Ingatheke kukonzedwa?"

Kumene mungapite

Yambirani pa kiliniki ya khonsolo imene muli nayo pafupi, monga Seke North kapena Seke South. Anamwino akaona kuti chilonda chikufuna dokotala adzakupatsani kalata yopita nayo ku Chitungwiza Central Hospital. Kuchokera kumeneko mukhoza kutumizidwa ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe Central Hospital, chimene ambiri amachitchulabe Harare Hospital kapena Gomo. Amene muli kumigodi ya kufupi ndi Bulawayo, zipatala zazikulu ndi Mpilo ndi United Bulawayo Hospitals. Ngati mwaganiza zobwerera kumudzi ku Malawi, pemphani kalata yofotokoza zonse zimene zachitika pamwendo wanu kuti mukaonetse ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo musanyamuke ulendo wautali wa basi chigamba chisanalimbe.

Sungani khadi la kuchipatala ndi mapepala onse m'pulasitiki. Ngati chilonda chili pamwendo umene unavulala pantchito, uzani adokotala ndipo alembe zimenezo, chifukwa a NSSA, amene amayendetsa chipepeso cha ovulala pantchito, amayang'ana zolembedwa. Kwa inu amene mukadali pantchito, ngozi iliyonse, ngakhale yooneka yaing'ono, muzikanena kwa akuluakulu ndipo ilembedwe m'buku tsiku lomwelo. Amene mumakumba panokha ngati makorokoza mulibe bwana wokulemberani, ndiye khadi la kuchipatala ndilo umboni wanu wokha. Ngati ndalama zavuta, funsani ofesi yoona za chisamaliro cha anthu pachipatalapo za kalata ya AMTO yothandizira osowa.

Ena amazengereza chifukwa chitupa chawo chinalembedwa kuti ndi mlendo. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amati munthu wobadwira m'dzikoli malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo ankakhala muno pa tsiku limene malamulowo anatuluka, ndi nzika yobadwa. Koma kaya chitupa munasintha kaya ayi, chilonda sichidikira mapepala.

Thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo ngati thupi latentha ndipo kufiira kapena kutupa kukukwera m'mwendo, ngati katumba watupa mwadzidzidzi n'kumapweteka, kapena ngati mukubanika ndi kumva kuwawa m'chifuwa. Mtsempha wotupa ukaphulika, gonani pansi, kwezani mwendo m'mwamba, ndipo panikizani pamalopo mwamphamvu ndi nsalu yoyera wina akukafuna galimoto. Musamange chingwe pantchafu.

Mukatuluka m'chipatala

Khungu la chigamba limakhala lopyapyala ndi louma kwa miyezi yambiri. Muzilidzoza mafuta osanunkhira monga Vaseline tsiku lililonse, osalikanda. Adokotala akakulolani, yambani kuvala masokosi othina a kuchipatala, oyezedwa pamwendo wanu. Muziwavala m'mawa musanatsike pabedi, mwendo usanatupe, ndi kuwavula pogona. Amenewa ndi a moyo wanu wonse, osati a mwezi umodzi. Amatha mphamvu pa miyezi 3 mpaka 6, choncho ikani ndalama yake pa bajeti monga mmene mumachitira ndi ufa. Sokosi wa mpira kapena lamba wa tchubu salowa m'malo mwake.

Kwezani miyendo kuposa pamene pali mtima kwa mphindi 30, katatu kapena kanayi pa tsiku. Kukhala pampando phazi lili pa kandowa sikukwanira: gonani pamphasa n'kutsamiritsa miyendo pa mapilo kapena pa thumba la chimanga. Muziyenda tsiku lililonse, ngakhale kungofika pa Makoni n'kubwerera. Choipa ndi kuima malo amodzi. Mukakhala pamzere wa madzi kapena wa kombi, muzinyang'ama ndi zala n'kutsika, maulendo 20 kapena 30, kuti pampu ya akatumba isagone.

Za kubwerera kumgodi, tsiku lake anene ndi adokotala, ndipo akulembereni kalata. Pemphani kuti poyamba akupatseni ntchito yopepuka ya pamtunda, yosaima nthawi yaitali ndiponso yosaponda m'madzi. Mukadzayambanso kuvala jombo, ikhale yosathina pamsongolo, yopanda mng'alu, ndipo muzivala sokosi wa thonje wouma pamwamba pa sokosi wa kuchipatala uja. Tengani wina wapadera m'chikwama kuti musinthe woyambayo akanyowa. Pomaliza shifiti, mukamasamba, yang'anani chigambacho ndi khungu lozungulira pamalo owala. Mukaona kachilonda ngakhale kochepa ngati njere ya chimanga, kaphimbeni ndi nsalu yoyera ndipo kaonetseni kwa anamwino a pamgodipo sabata lomwelo.